Tsiku Limene Bwato Linakwera Galimoto

Galimoto ndinagula ndili mayi wamkulu kale, ana atayamba sekondale, ndipo inali galimoto yoti pouza anthu kuti wagula umayamba watsitsa mawu. Inali pikapu yakalekale, yoyera pa chitseko chimodzi chokha, kwinako dzimbiri ndi utoto wa mitundumitundu. Ndinaipeza ku Metangula, kuseri kwa ofisina ina yokonzera magalimoto, itakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka abakha anazolowera kuikira mazira kunsi kwake. Eni ake oyamba anali anthu ogula matabwa m'mapiri. Itawatopetsa anaisiyira makaniko, ndipo makanikoyo anandigulitsa pa mtengo woti ine wogulitsa usipa ndikanaukwanitsa, nditagulitsa mbuzi zanga ndi makina osokera amene ankangodya fumbi m'nyumba.

"Thupi lake musaliyang'ane, mama," anatero akumenya boneti ndi chikhatho. "Injini ndi yamoyo. Iyi imakoka ndi mawilo onse anayi. Pamene shapa imabwerera, iyi m'pamene imayambira."

Mawu amenewo ndi amene anandigwira. Kwathu ndi kugombe la ku Lunho, kumene tinabwerera ndili mtsikana kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Mashapa, magalimoto onyamula anthu ndi katundu aja, amathera pa msewu waukulu. Matumba anga a usipa ndinkawasenzetsa anthu kapena njinga kukafika kumeneko, ndipo mvula ikalimba nsomba zinkaonongekera m'nyumba. Karta, chiphaso choyendetsera galimoto, ndinali nayo. Ndinaphunzira ku Lichinga pa kagalimoto kakang'ono, pa phula, pomwe mdani wako wamkulu ndi njinga yamoto. Za mchenga, matope ndi miyala ndinalibe chimene ndinkadziwa.

Makaniko anandisonyeza kandodo kafupi pambali pa giya, kamene anakatcha reduzida, kopatsa galimoto mphamvu pa malo ovuta. Anandisonyezanso tizitsulo tozungulira pakati pa mawilo akutsogolo, nalankhula zambiri mwa Chipwitikizi chake chothamanga. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Mtima wanga unali utafika kale kumudzi, anthu akundiona ndikutsika.

Woyamba kuiyendera anali amalume, mlongo wa mayi anga. Nthawi ya nkhondo, tili ku Malawi, iwo ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya fodya, ndipo mpaka lero amatchula zitsulo zonse m'mayina a kumeneko: buleki, kilatchi, jeke. Pa nthawiyi maso awo anali atachita ng'ala. Ankaona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu, basi. Anazungulira galimoto akuisisita ndi manja, nagwada kukhudza tayala lililonse.

"Matayala awa si a bere limodzi," anatero.

"Ndi amene ndinawakwanitsa, amalume."

"Sindikukudzudzula. Ndikuti uwadziwe. Ili lakumanjali ndi nkhalamba ngati ine, usaliponde pa chitsa."

Ndalama yogulira zida zimene magalimoto a alendo amanyamula ndinalibe, choncho tinasonkhanitsa za pakhomo. Matabwa awiri okhuthala tinakazula pa boti losweka limene linali kuwola pafupi ndi mishoni. Achimwene anga, amene ndi asodzi, anandipatsa chingwe cha khoka, cholimba choti anthu a mudzi wonse amakokera. Tinaonjeza khasu, chikwanje, pampu yopopa ndi phazi, zigubu za madzi chifukwa injini inkamwa madzi ngati munthu wodwala malungo, ndi jeke imene makaniko anandiponyera kumbuyo mwaulere.

Tsiku loyamba ndinati ndikatenge matumba pa thandala, pomwe timayanika usipa, m'mphepete mwa madzi penipeni. Unali m'mawa, asodzi akusoka maukonde. Amalume anakhala pambali panga. Nditalowa mumchenga ndinakoka kandodo kaja monga anandiuzira makaniko, ndi kuponda mafuta. Galimoto inayenda pang'ono, n'kuyamba kulira. Ndinapondanso kwambiri. Mchenga unauluka kumbuyo, ndipo ndinamva galimoto ikukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhuku yofungatira.

Gombe lonse linaseka. Amayi oyanika nsomba anaseka mpaka kugwirana mapewa. Amalume anatsika, napapasa mawilo akumbuyo amene anali atakwiririka, kenako akutsogolo amene anali pamwamba pa mchenga, aukhondo ngati sanayende n'komwe.

"Anakunamiza," anatero. "Akutsogolowa sakukoka. Wagula galimoto wamba."

Misozi inali pafupi. Ndinakwera pa mwala pamene pamagwira foni ndi kuimbira makaniko. Anandilola kuti nditsirize kukalipa, kenako anafunsa mofatsa ngati ndinatembenuza tizitsulo tija ta pa mawilo akutsogolo. Popanda kutitembenuza, anatero, mawilowo amangotsatira anzawo. Amalume nawonso sankadziwa zimenezi, thirakitala yawo inalibe tizitsulo totere, ndipo anang'ung'udza kuti opanga magalimoto amakonda kubisa zinthu. Makaniko anatiuzanso kuti tichotseko mpweya m'matayala mpaka aoneke ngati aphwa, kuti apondeke motambalala.

Tinachita zonsezo. Ndinafukula mchenga ndi khasu, tinalowetsa matabwa aja kunsi kwa mawilo, ndinatembenuza tizitsulo, ndi kubwerera pa mpando. Amalume anati ndisaponde mafuta ngakhale pang'ono, ndingokweza phazi pa kilatchi mwaulemu. Ndinatero. Chimene chinachitika sindidzachiiwala. Galimoto inanjenjemera, n'kudzuka yokha. Inakwera pa matabwa, inatsika, n'kumayenda pamwamba pa mchenga womwe uja unaimeza, injini ikungong'ung'udza pansipansi, ine phazi lili m'mwamba. Zinali ngati chinyama chachikulu chimene chinali chigonere chaimirira ndi miyendo yonse inayi, ine ndili pamsana pake. Kuseka kuja kunatha. Mayi wina anaimba nthungululu.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse wopanda malonda tinkapita kukaphunzira. Tinkalowa m'khwawa louma la kuseri kwa mudzi, kukwera magomo a miyala, kudutsa m'dambo momwe anthu anali atakolola mpunga. Amalume ankaika dzanja limodzi pa chitseko, lina pa giya, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Injini ikayamba kulemedwa ankadziwa ine ndisanadziwe. Anandiletsa kulowetsa zala zazikulu m'kati mwa chiwongolero, chifukwa wilo likagunda mwala chiwongolero chimabwezera ndipo chikhoza kukuthyola chala. Anandiletsa kukwera chitunda chopingasa. Ankati chitunda umachiyang'ana m'maso, kukwera molunjika, kutsika molunjika. Madzi alionse, ngakhale oti bakha akuyendamo ndi miyendo, ankanditsitsa kuti ndiyambe ndawoloka ndi mapazi anga.

Sikuti nthawi zonse ankalondola. Pa matope ankafuna ndiziyenda pang'onopang'ono ngati thirakitala, ndipo tinatitimira kangapo mpaka ndinazindikira ndekha kuti galimoto yopepuka imafuna ulowe m'matope uli ndi kaliwiro, osaima pakati. Nditawauza anati matope a ku Kasungu, kumene ankayendetsa thirakitala, ndi ena. Tinkakangana, kukumba, kupopa matayala mosinthana mpaka ntchafu kuwawa, n'kubwerera kunyumba matope ali mpaka m'tsitsi. Anthu anasiya kutiseka, n'kuyamba kutifunsa ngati tingawatengereko chinangwa kumunda.

Chaka chimenecho bwato la achimwene linatha. Anali atalimata ndi phula ndi malata mpaka pomata panasowa. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato kugombe kuno inatha kale, choncho anakalipira afundi ena osema mabwato kumapiri a kum'mawa, kumene mibawa ikadalipo m'mphepete mwa timitsinje. Afundiwo anagwetsa mtengo, nasema bwato pomwepo pamene unagwera, n'kutumiza uthenga kuti latha. Kale bwato lotere linkatsika ndi mudzi wonse. Amuna ankapita ndi zingwe ndi mipini yogudubuzira, akazi ankatsatira ndi thobwa, ndipo ankalikoka akuimba mpaka kunyanja. Koma anyamata ambiri a masiku ano ali kumpoto kokumba golide. Achimwene anayenda khomo ndi khomo osapeza anthu okwanira. Bwato linakhala kuphiri dzinja lonse, iwo akukwera mabwato a anzawo ngati waganyu.

Mvula itatha, udzu utayamba kufiira, anabwera kwanga. Anakhala pa khonde nthawi yaitali akulankhula za mphepo ya mwera, kenako anati, "Chemwali, kodi chigalimoto chakochi chingakwere kumene ankadutsa a matabwa kuja?"

Ndinayang'ana amalume. Iwo anati, "Galimotoyi inakulira komweko. Funso n'lakuti mwiniwake angakwere."

Tinanyamuka m'mawa, atatu. Titachoka pa msewu waukulu tinalowa m'kanjira kamene magalimoto a matabwa anasiya zaka zapitazo. Udzu unali wautali kuposa galimoto. Ndinkangoona tsekera likugwa kutsogolo kwa boneti, njere zake zikudzaza pa galasi. Achimwene anatsika n'kumayenda patsogolo ndi ndodo, kufufuza zitsa ndi maenje, ine ndikutsatira chipewa chawo. Akashembe, ntchentche zoluma zija, analowa pa zenera n'kumatiluma m'khosi, ndipo amalume ankawaomba ndi chipewa akuwatukwana.

Pa mtsinje ndinatsika, ndinakwinya chitenje, n'kulowa. Madzi anali ozizira kuposa a kunyanja, oyera moti ndinkaona zala zanga. Anandifika m'mawondo. Pansi panali miyala yoterera, koma kumtunda pang'ono kunali nsangalabwi zolimba. Ndinazika timitengo kusonyeza njira, ndinabwerera, ndi kulowetsa galimoto mwakachetechete. Madzi anatukuka kutsogolo kwa boneti ngati mmene amachitira pa mphuno ya boti, n'kumayenda nafe limodzi mpaka tsidya.

Kenako phiri linayamba. Njira inali itakokoloka, patsala miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati mitondo. Kuchokera pansi ndinkaona ngati khoma. Ndinaimitsa galimoto.

"Waima chifukwa chiyani?" anafunsa amalume.

"Apa sipokwera galimoto."

"Ndiuze chimene ukuona."

Ndinawauza: mwala waukulu kumanzere, ngalande pakati, miyala yosakhazikika kumanja. Anati wilo ndilikweze pamwamba pa mwala waukuluwo m'malo mouzemba, kuti mimba ya galimoto isakhule pansi, ngalandeyo ikhale pakati pa mawilo. Ndinaika reduzida ndi giya yoyamba. Titafika pakati, boneti inakwera mpaka njira inasowa, kutsogolo kwanga kunali thambo lokhalokha ndi nsonga za mitengo. Wilo lina linaterereka, miyala inagubuduka kumbuyo, ndipo phazi langa linathamangira pa kilatchi lokha.

"Chotsa phazi pamenepo!" anakuwa amalume. "Isiye igwire ntchito yake!"

Ndinachotsa. Galimoto inaima kamphindi ngati ikuganiza, kenako wilo linagwira, lina linatsatira. Inkakwera ngati nanzikambe pa nthambi, mwendo uwu, kenako uwo, osafulumira, osabwerera. Ndinkamva mwala uliwonse ukudutsa kunsi kwanga. Chitsulo chakale chija, chimene abakha ankaikira mazira kunsi kwake, chinali kutinyamula anthu awiri ndi katundu kukwera malo oti ine wapansi ndikanakwera chokwawa. Ndinapezeka ndikuimba nyimbo ya ku tchalitchi chamumtima, mano ali gwa.

Pamwamba panali thanthwe lathyathyathya. Ndinazimitsa injini kuti izizire, ndinatsika, n'kutembenuka.

Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja, ndipo moyo wanga wonse ndaiona kuchokera pa mchenga, ili chigonere kutsogolo kwanga. Sindinkadziwa kuti ukakwera pamwamba imaimirira. Inali itadzaza theka la thambo, yobiriwira mwakuda pakati, yoyezuka m'mphepete, ndipo kutsidya mapiri a ku Malawi ankaoneka ngati akulendewera m'mwamba. Mabwato anali ngati mankhusu a mpunga. Denga la tchalitchi cha mishoni, limene kwathu timaliyesa lalikulu, ndikanaliphimba ndi chikhadabo. Kutali pakati pa madzi, nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja, zinali zitaima mizati italiitali ngati utsi wa midzi yoyaka, zikuyenda pang'onopang'ono ndi mphepo. Panalibe phokoso lililonse kupatula injini imene inkathetheka pozizira.

Achimwene anafika akupuma mwabefu, naima pambali panga. Iwo anakwerapo phirili, koma podzera njira ya mapazi ya m'khwawa, kumene mitengo imatchinga. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi ndodo malo akuda pansi pa madzi, patali pang'ono ndi gombe lathu.

"Chirundu chathu ndi icho," anatero motsitsa mawu. Chirundu ndi mulu wa miyala wa pansi pa nyanja pomwe utaka umasonkhana. Iwo akhala akuponya ukonde pamenepo kuyambira ali mnyamata, akuchipeza poyang'ana mapiri awiri akalunjikana. "Ndinkachiyesa chozungulira. Taona, chili ndi mchira wolowera kumwera. N'chifukwa chake ukonde umakodwa mbali imeneyo."

Amalume anali atatsamira galimoto, nkhope ataloza kumene kunkachokera mphepo. "Musamangonong'onezana," anatero. "Ndiuzeni." Tinawauza mosinthana, kuyambira ku Metangula kumanzere mpaka kumene gombe limathera kumpoto. Anafunsa ngati mtsinje wa Lunho ukuoneka. Ndinati ukuoneka, mzere wa mitengo yobiriwira wokhotakhota mpaka kunyanja. Anagwedeza mutu.

Kwa afundi tinafika dzuwa litapendeka. Panali nyumba zochepa pakati pa minda ya mapira, ming'oma ya njuchi ili m'mitengo. Afundiwo anali bambo wachiyao, wamfupi, wa mapewa otambalala, wovala kofia yoyera. Mwendo wawo umodzi unali wopuwala, mtengo unawagwera zaka zambiri zapitazo, ndipo ankayenda ndi ndodo yokhala ndi mphanda. Anatilandira, koma maso awo anali pa ine.

"Mwayendetsa ndinu, amayi? Kudzera pa thanthwe paja?"

"Ndine, afundi."

"A matabwa aja ankatsitsa anthu onse pamenepo, n'kumapemphera."

Bwato linali m'khwawa, atalifunditsa udzu kuti lisang'aluke ndi dzuwa. Anachotsa udzuwo. Linali lofiira ngati nyama ya ng'ombe, lalitali kuposa galimoto yanga, thupi lonse lili ndi timizere ta kasemasema tondondozana bwino ngati mamba a nsomba. Linkanunkhira mtengo wauwisi. Pambali pake panali chitsa cha mbawa umene linachokeramo, chotambalala moti tonse atatu tikanakhalapo n'kutsala malo. Achimwene analowetsa mkono m'kati, nagogoda m'mbali ndi chala, akumwetulira ngati mwana.

Tinagona komweko. M'mawa anthu a pamudzipo, amuna ndi akazi omwe, analikoka pa mipini mpaka pa chitunda china chogumuka chofanana msinkhu ndi kumbuyo kwa galimoto. Ndinabwerera chammbuyo mpaka kugunda chitundacho. Tinamanga mitanda ya mitengo pamwamba pa denga ndi kumbuyo, tinayala matumba akale, n'kulikankhira pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inadutsa denga n'kutulukira pamwamba pa boneti. Galimoto inabwatama, zitsulo zikulira. Achimwene analimanga ndi chingwe cha khoka, mfundo za asodzi zosamasuka.

Tili pafupi kunyamuka, afundi anatuluka m'nyumba atavala malaya oyera, kasemasema ali paphewa.

"Pali malo?" anafunsa. "Chipwetekere mwendowu sindinatsikeko kunyanja. Mabwato anga ndimangomva kwa anthu kuti akuyenda bwino. Mwina amandinamiza."

Tinawakhazika pakati, ine kumanja pa chiwongolero, amalume kumanzere ku chitseko. Amuna ena a pamudzipo anati atiperekeza mpaka pa mtsinje.

Kutsika kunandiopsa kuposa kukwera. Pa thanthwe paja boneti inaloza pansi, mphuno ya bwato ili pamwamba pa galasi ngati mlomo wa chimbalame, ndipo ndinkamva kulemera kwake konse kukundikankha pamsana. Thupi lonse linkafuna kuponda buleki. Amalume anagwira bondo la afundi poyesa kuti ndi langa, nati, "Usaponde. Ukaponda mawilo aima, tiyamba kutsetsereka ngati pa chikopa. Injini itigwira." Afundi anayankha kuti iwo sakuponda chilichonse, ndipo tonse tinaseka mwamantha. Injini inatigwiradi. Inabangula, koma sinalole kuti liwiro likwere. Tinatsika mwala ndi mwala, mapazi anga onse ali pansi osagwira ntchito, manja okha akuwongolera. Mpaka lero sindimvetsa bwino mmene chinthu chimene chimakoka chimathanso kubweza.

Vuto linadza kunsi, pamene njira imadutsa m'mbali mwa phiri, yopendekera kumanja, kumene kuli chigwembe. Pokwera tinadutsapo osadandaula. Tsopano, ndi bwato pamwamba, galimoto itangolowa inapendama kwambiri moti phewa langa linatsamira chitseko ndipo pa zenera ndinkaona pansi pa chigwembe. Ndinaima. Zingwe zinkalira.

Achimwene anathamanga kuchokera kumbuyo. "Usasunthe! Wilo lakumtunda latsala pang'ono kunyamuka!"

Anatsitsa afundi powanyamula kudzera pa chitseko chakumtunda. Amalume anakana kutsika. "Ine ndili mbali ya kumtunda," anatero. "Ndine mwala wako. Ndikachoka ndiye igwa." Apa achimwene ndi amene anadziwa chochita, chifukwa kupendama ndi nkhani ya pamadzi. Anati bwato likapendama ndi mwera anthu amakhalira mbali ya mafunde. Anamanga chingwe china pamwamba pa bwato, napatsa amuna aja kuti akwere nacho kumtunda ndi kuchikulunga pa mtengo, azichimasula pang'onopang'ono galimoto ikamayenda. Ena anakumba ndi khasu kanjira ka mawilo akumtunda kuti atsikeko. Iwo eni anakakamira kunja kwa galimoto mbali ya kumtunda, thupi lonse lili lende panja.

"Tiye, chemwali. Ngati ukuyenda ndi madzi pamutu."

Ndinakweza phazi. Sindinayang'ane kuchigwembe, ndinayang'ana mtengo wa msuku umene unali kutsogolo pomwe njira imawongoka. Ndinkamva amuna aja akuitanizana kumtunda, chingwe chikukhula khungwa la mtengo. Pakati penipeni galimoto inapepuka mbali imodzi, ndipo ndinadziwa kuti wilo lanyamukadi. Tinalendewera choncho, bwato, galimoto, achimwene, amalume ndi ine, pa chingwe chokokera usipa. Kenako wilo linabwerera pansi ndi kaphokoso kofewa, ndipo msuku uja unadutsa pa zenera langa. Nditaima ndinalephera kutsika. Amalume anapapasa mpaka anapeza dzanja langa pa chiwongolero, naligwira.

Pa mtsinje tinatitimira potuluka, kulemera kwa kumbuyo kutakwirira mawilo mumchenga wa m'mphepete. Zimenezo sizinandiopse, zinali ntchito yodziwika: khasu, matabwa, kuchotsa mpweya, kenako kupopa. Amuna otiperekeza anapopa mosinthana, tinawathokoza, nabwerera kwawo akukambirana mokweza.

Tinalowa m'mudzi dzuwa lili pafupi kulowa. Anthu anatuluka m'nyumba, ena ali ndi zipande m'manja. Nkhalamba ina imene inakokapo mabwato ambiri pa unyamata wake inaima pakati pa njira, n'kuvula chipewa, kukamwa kuli yasa. Ndinayendetsa mpaka pa mchenga, ndinatembenuka, n'kubwerera chammbuyo mpaka mawilo anakhudza madzi. Asodzi anamasula zingwe, nagwira mbali zonse, ndipo bwato linatsetsereka kuchoka pa galimoto n'kugwera m'nyanja ndi mkokomo. Linamira mphuno, linadzuka, linagwedezeka uku ndi uku, kenako linakhazikika. Chinthu chimene chinatsala pang'ono kutigwetsera m'chigwembe ndi kulemera kwake, tsopano mwana akanachikankha ndi dzanja limodzi.

Achimwene analumphiramo, napalasa kupita kutali pang'ono, n'kubwerera, madzi akung'ambika mwaukhondo kutsogolo. Anaitana afundi kuti akwere. Afundi anakana, anati iwo ndi munthu wa kuphiri, kusambira sadziwa. Koma anapinda buluku, nalowa m'madzi ndi ndodo yawo mpaka m'mawondo, n'kuuza achimwene kuti atsike, alisiye bwato liyandame lokha. Anawerama, diso limodzi atatsinzina, kuyang'ana pamene madzi akulekezera mbali iyi ndi mbali inayo. Gombe lonse linkawadikira.

"Lalemera kumanzere," anatero. "Pang'ono pokha. Likokereni kuno."

Analikokera pa mchenga. Afundi anakhala pansi, mwendo wopuwala atautambasula, natsitsa kasemasema paphewa, n'kuyamba kusema m'kati mwa mbali ya kumanzere. Tizipalapasa tofiira tinkagwera m'madzi, mafunde n'kumatitenga. Ine ndinakatenga chigubu kuti ndithire madzi mu injini, imene inali ikutenthabe.